Buku limene tinaligawa pakati

Ndinafika pa Boma la Mchinji ndi kalata yondituma kudzaphunzitsa, sutikesi imodzi ndi dipuloma. Kwathu ndi ku Ntcheu. Ndinkaganiza kuti ndikhala zaka ziwiri kenako ndipempha transifa, koma ndinakwatiwa ndi mlangizi wa zaulimi, mwana wa konkuno, tinabereka ana awiri, ndipo zaka zinangodutsa ndikulemba pa bolodi ziganizo zomwezomwezo za Chingerezi cha Folomu 2. Kenako mtima unayamba kundivuta. Sindinkadwala, m'nyumba munalibe mkangano, koma ndinkalephera kukhazikika. Ndikakhala m'kalasi ndinkafuna kunyumba, ndikafika kunyumba ndinkangozungulira pabwalo ngati ndataya singano. Ndiye ndinalembetsa digiri yophunzira munthu ali pantchito. Pa holide tinkapita kukakhala ku yunivesite masabata angapo, kenako n'kubwerera kumasukulu kwathu ndi mulu wa zowerenga ndi maasayimenti.

Chaka chachiwiri anatipatsa makosi awiri amene anandisokoneza mutu. Ina inali ya mabuku a ku Amereka a masiku ano. Inayo tinkangoitchula kuti thiyore, kutanthauza njira zosiyanasiyana zosanthulira zimene anthu alemba. Mphunzitsi wa makosi onse awiri anali mayi mmodzi, wamng'ono kwa ine, amene anaphunzira kunja. Ankayankhula akuyendayenda, choko chili m'manja koma osalemba kanthu.

"Musamangofunsa kuti nkhaniyi ikuti chiyani," anatero tsiku loyamba. "Funso limenelo ndi la ana anu a Folomu 1. Inu muzifunsa kuti akuyankhula ndani, wampatsa mpata woyankhula ndani, nanga amene wangokhala chete pakona ndi ndani."

Ndinalemba mawuwo ndi kuwadula mzere kawiri kunsi. Ndinkamva ngati wina wanditsegulira zenera m'chipinda chimene ndakhalamo zaka zambiri.

M'kalasi monsemo ochokera ku Mchinji tinalipo awiri. Mnzangayo ankaphunzitsa pa sekondale yoyendera kufupi ndi Kapondo. Anali mayi wamtali, woseka mokweza mpaka anthu kutembenuka, ndipo ankakonda kajekete kabuluu kamene sankavula ngakhale dzuwa liswe mtengo. Amuna ake anali ndi golosale komanso chigayo. Tinagwirizana msanga, poti tinkakwera minibasi imodzi pobwerera.

Buku lalikulu la kosi ya ku Amereka linalipo limodzi lokha mu laibulale, kalasi yonse n'kumalilimbirana. Tsiku lotsekera maphunziro bukulo linatigwera ife. Tinathamangira nalo ku fotokope, koma titangomaliza kope imodzi magetsi anathima. Bambo wa pa fotokopeyo anayesa kumanga mapepalawo ndi sitepula, inakana chifukwa cha kuchindikala, ndiye anangowagawa pakati n'kumanga mitolo iwiri.

"Tengani koyambaku, madamu," mnzangayo anatero. "Ine ndiyambira kumapeto ngati wodya mzimbe. Tikasinthana pa Kamwendo."

Tinapangana kuti tizikumana pa Kamwendo Loweruka lililonse, poti panali pakati pa iye ndi ine. Tinkakhala pakhonde la sitolo ina yogulitsa mbewu ndi feteleza, titagula tchipisi pa chiwaya, manotsi ali pamiyendo. Malole a soya ndi mtedza ankadutsa, fumbi n'kumatera pamapepala. Ndikakumbukira tsopano, woyankhula kwambiri ndinali ine. Ndinkamufotokozera zimene ndamva mu thiyore, za mphamvu ya amuna m'nkhani, za olemera ndi osauka, za atsamunda ndi mmene ankatilembera. Iye ankamvetsera, n'kumaseka, nthawi zina n'kutsinzina maso atatsamira khoma.

Theka langa ndinalimaliza m'masiku anayi. Inali nkhani ya mayi wina wosoka nsapato m'fakitale, m'katauni kozizira kumene aliyense ankadziwa za mnzake. Palibe choopsa chimene chinkamuchitikira. Ankadzuka, kupita kuntchito, kubwerera, kuphika. Koma wolembayo anazilemba mwakuti ndinkamva kubanika pachifuwa. Tsamba langa lomaliza linathera pamene mayiyo wakhala m'galimoto ya mlongo wake panja pa nyumba, injini ikulira, ndipo chiganizo chinadukira pakati. Mawu otsatira anali ku Kapondo.

Ndinawerenganso kachiwiri, kenako kachitatu. Kunyumba ndinayamba kuvuta. Tsiku lina madzulo amuna anga atabwera kuchokera kumidzi, nsapato zili matope okhaokha, ndinawafunsa kuti kodi anagamula ndani kuti mbale m'nyumba muno azitsuka ndine.

Anayang'ana mbalezo, n'kuyang'ana ine. "Nditsuke?"

"Sindikunena za lero. Ndikunena za dongosolo lonse."

"Amayi," anatero akuvula nsapato, "sukuluyi ndi yabwino ndipo mumalize. Koma masiku ano mukatiyang'ana mumakhala ngati mukuchonga mayeso."

Anatsukadi mbalezo, ndipo zimenezo zinandipsetsa mtima kwambiri, chifukwa ndinasowa wolimbana naye.

Loweruka lililonse ndinkapita ndi theka langa m'chikwama kuti tisinthane, ndipo Loweruka lililonse mnzangayo ankati sanamalize. "Sabata yamawa, madamu. Ana a Folomu 4 andipanikiza." Mwezi wa Okutobala unatha choncho. Novembala anafika ndi mabingu, anthu anayamba kudzala, mayeso athu anatsala masabata awiri. Loweruka limenelo ndinafika pakhonde paja ndisanadye n'komwe, nditatsimikiza kuti lero ndimulanda bukulo kaya wamaliza kaya sanamalize. Ndinadikira mpaka dzuwa linapendeka. Sanabwere. Foni yake inali yozima.

Lamulungu inali yozima, Lolemba chimodzimodzi. Sabata imeneyo ndinaphunzitsa ngati munthu wobwereka. Ndinkapatsa ana ntchito n'kutuluka panja kukayesanso foni. Ndisaname, nkhawa yanga yoyamba sinali pa iye. Inali pa mapepala aja. Ndinafunsa anzathu a m'kalasi a maboma ena ngati angandijambulire pa foni masamba otsalawo, koma wina anali ndi chidule chokha, wina ananditumizira zithunzi zisanu zosaoneka bwino n'kusiya. Lachisanu nditaweruka ndinakwera minibasi mpaka pa Kamwendo, n'kupeza njinga yamoto yopita ku Kapondo.

Msewu unali woterera chifukwa cha mvula ya dzulo lake. M'minda anthu anali atawerama, akudzala mtedza m'mizere. Pasukulupo ndinapeza ahedi akutseka ofesi. Anandiuza kuti mnzangayo sanaoneke sabata yonse ndipo sanasiye uthenga, kenako anandilozera golosale ya amuna ake, patsidya pa bwalo la mpira.

Bambowo ndinali ndisanawaonepo. Anali munthu waukhondo, shati yopisira, mawu ofatsa. Anandipatsa mpando, ananditsegulira botolo la chakumwa ndisanapemphe.

"Ndinu madamu a pa Boma aja? Timamva mbiri yanu. Anzanuwo apita kukaona matenda kwawo, abwera posachedwa."

Ndinafunsa ngati anasiya mtolo wa mapepala omanga ndi sitepula.

"Mapepala m'nyumba mwanga mulibe," anatero akumwetulira. "Za sukuluzo tinakambirana kuti ziyambe zaima kaye. Munthu wapabanja kumangoyendayenda m'misewu, sizipereka ulemu."

Ndinamwa chakumwacho mwaulemu n'kutsanzika. Ndili pamsewu kudikira njinga, ndinaona mayi wina akubwera msangamsanga atasenza ndowa yopanda madzi. Anali mkazi wa mphunzitsi wina, nyumba yake yoyandikana ndi ya mnzangayo. Anaima pafupi nane ngati akukonza nkhata.

"Za matendazo n'zabodza," anatero osandiyang'ana. "Anachoka Loweruka m'mawa ndi kamtsikana kawo, chikwama chimodzi. Ali ku Chipata kwa azakhali awo, amagulitsa zitenje mumsika. Nambala ndi iyi. Bambowo musawauze kuti mwandiona."

Anandipatira kapepala m'dzanja n'kupitirira ulendo wa kumjigo.

Panjira yonse yobwerera mutu wanga unali pa chinthu chimodzi. Ndinkati ndi buku lija. Wawerenga mathero, waona kuti mayi uja anayendetsa galimoto n'kupita, nayenso wanyamuka. Ndinkachita mantha, komanso pansi pa manthawo panali kansanje. Iye wachita zimene ine ndinkangoziganiza ndikuzungulira pabwalo.

Nditawauza amuna anga kuti mawa ndikupita ku Chipata, anasiya kupukuta njinga yawo ya kuntchito.

"Kukatenga buku?"

"Mayeso atsala sabata imodzi."

 Ndikuganiza kuti ankafuna kufunsa ngati ndibwerako, koma sanafunse. "Ndikakusiyani pa boda," anatero.

Zaka zonse zimene ndinakhala pa Boma ndinali ndisanawolokepo, chonsecho boda ili pafupi, ndipo shuga ndi sopo wa ku Zambia tinkagula tsiku ndi tsiku. Ndinatenga chiphaso cha tsiku limodzi, anandidinda, ndinadutsa pakati pa malole oimikidwa mumzere. Nditacheuka ndinaona amuna anga akadali pomwepo, chipewa cha njinga chili m'manja. Ndinakwera takisi yodzaza ndi amayi a geni. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti kutsidyako kunalibe chachilendo. Mapiri omwewo, mizere ya mtedza yomweyo, anthu owerama chimodzimodzi.

Nambala ija anayankha azakhaliwo. Anandilondolera mpaka pa benchi yawo, pakati pa zitenje zopachikidwa. Anali mayi wonenepa, wa Chinyanja cha kumeneko.

"Ndimwe ba madamu a ku Mchinji? Nkhalani apa. Ali kuseli, abwela manje manje."

Mnzangayo anatulukira atanyamula mulu wa zitenje zopindidwa. Atandiona anaima, kenako anaseka kuseka kwake kuja, mpaka amayi a mabenchi ena anatembenuka.

"Madamu! Mpaka kuwoloka boda chifukwa cha mayi wa nsapato munkandisimbira uja?"

Tinakhala kuseri kwa benchi pa matumba. Ndinalephera kudikira.

"Ndiuzeni zoona. Ndi buku lija lakuchititsani zimenezi?"

"Buku liti?"

"Mathero ake. Mayi uja anapita, eti?"

Anandiyang'ana ngati ndayankhula chilankhulo china. "Madamu, bukulo sindinawerenge ngakhale tsamba limodzi. Ndikanawerengera kuti? Manotsi anga onse a thiyore anawotcha mu Seputembala. Theka lanuli ndinalibisa m'kabati ya ku sitafu rumu, ndinkaopa kuti likafika kunyumba lipsa. Pochoka ndinadzera kusukulu kukalitenga poti ndi lanu."

Kunkatentha, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamuona akuvula kajekete kaja. Anakapinda bwinobwino n'kuika pamwendo. Mkono wakumanzere unali ndi zipsera kuyambira pachigongono mpaka paphewa, zina zakale zakuda, zina zofiirira. Pamwamba pa dzanja fupa linali lokhota pang'ono, ngati linathyoka n'kulumikizika lokha.

Anafotokoza mosakweza mawu. Zinayamba kalekale, koma zinakula atalembetsa digiri. Bambowo ankati mkazi wopita ku yunivesite amakafuna amuna ophunzira. Loweruka lililonse akabwerera kuchokera pa Kamwendo ankapeza mlandu ukumudikira. Lachisanu lomaliza lija anamumenya pamaso pa mwana, ndipo mwanayo, wa Sitandade 2, anakabisala m'khola la nkhuku. Kutacha ananyamuka.

"Ndiye pa Kamwendo munkabwereranji, mukudziwa kuti mukakumana ndi zimenezo?"

"Ndinkabwera kudzapuma. Inu mumayankhula bwino, madamu. Ndikatsamira khoma lija mukufotokoza za atsamunda, ndinkamva ngati ndili kutali."

"Bwanji simunandiuze?"

"Munandifunsa?"

Sananene mokwiya. Ananena akutulutsa mtolo wa mapepala m'chikwama, ngati akundikumbutsa kuti ndaiwala ambulera. Ndinaulandira.  Azakhali aja anatibweretsera mabanzi ndi tiyi, tinadya, tinakamba za mtengo wa zitenje ndi za sukulu imene mwana angalowe. Ndinamupempha kuti abwere tikalembe mayeso, adzagone kwathu. Anapukusa mutu.

"Bambowo akudziwa tsiku la mayeso kuposa ine. Akakhala pa geti."

Ndinabwerera dzuwa likadalipo. Amuna anga ndinawapeza pa boda pomwepo, atakhala pa benchi ya wogulitsa chimanga chootcha. Anati anapita kunyumba n'kubweranso, koma ana anandiuza pambuyo pake kuti tsiku lonse sanawaone. Ndili kumbuyo kwa njinga ndinawauza zonse, ndikukuwa chifukwa cha mphepo.  Potsika pakhomo anati, "Bambo ameneyo ndimamudziwa. Amakhala kutsogolo pa misonkhano yathu ya alimi. Ndi amene amatsegula ndi pemphero."

Theka lachiwirilo ndinaliwerenga Lamulungu titabwera kutchalitchi. Mayi wa nsapato uja sanapite kulikonse. Anazimitsa injini, analowa m'nyumba, ndipo masamba onse otsalawo anali a zaka zake zotsatira m'katauni komweko. Ndinakwiya nalo bukulo mpaka ndinaliponya pampando, kenako ndinalitola n'kulimaliza, poti mayeso sadikira mkwiyo wa munthu.

Kosi ya mabuku a ku Amereka ndinakhoza bwino. Thiyore ndinalephera. M'chipinda cha mayeso desiki ya mnzangayo inali kutsogolo kwa yanga, nambala yake itamatidwa pakona, popanda munthu. Mafunso sanali ovuta, zonse ndinkazidziwa, ndinali nditazilalikira pa Kamwendo miyezi itatu. Koma ndikalemba mawu akuluakulu aja ndinkachita nawo manyazi, n'kufufuta, n'kuyambanso. Nthawi inatha ndili ndi masamba awiri. Mphunzitsi wathu uja atandiona pa holide yotsatira anandiitanira mu ofesi n'kufunsa chimene chinachitika, poti m'kalasi ndinali woyamba kukweza dzanja. Ndinamuuza nkhani yonse. Anati iyenso jeketeyo ankaiona tsiku lililonse ndipo ankangoti ndi fasho. Anandilembetsa kuti ndibwereze chaka chotsatira.

Mu Febuluwale ankhoswe a mbali zonse ziwiri anaitanitsa bwalo la banja. Linachitikira kwa amalume a mnzangayo, mudzi wina kufupi ndi Kamwendo, pansi pa mtengo wa mango. Mnzangayo anabwera kuchokera ku Chipata ndi azakhali aja, ndipo ananditumizira uthenga kuti ndikakhalepo ngati mboni. Bambo aja anafika ndi shati yoyera. Anayankhula mofatsa kwa nthawi yaitali, kuti iwo ndi munthu wopemphera, kuti mkazi wawo anasokonezeka ndi sukulu komanso ndi anzake a m'tauni. Ponena zimenezo anayang'ana ine.

Amalumewo anatembenukira kwa ine. "Aphunzitsi, akuti inu mumakumana naye mwana wathuyu sabata ndi sabata. Tatiuzani zimene munaona."

Anthu onse anandiyang'ana. Ndinkafunitsitsa kumuthandiza, ndipo ndikanatha kukonza mawu okoma. Koma ndinanena zoona.

"Sindinaone kanthu, amalume. Zipsera ndinazionera ku Chipata, atachoka kale."

Bambo aja anagwedeza mutu mokhutira.  Kenako mayi uja wa ndowa, amene anabwera yekha wapansi osaitanidwa, anapempha kuti ayankhule. Anagwada pamphasa n'kuyamba kutchula. Anatchula tsiku limene anamva kukuwa ali kuthyola nkhwani kuseri, tsiku limene anamanga dzanja lija ndi timitengo ndi chitenje chake chifukwa bambowo anakaniza zopita kuchipatala, tsiku limene utsi wa mapepala unalowa m'khitchini mwake, m'mawa umene anatulutsa mwana m'khola la nkhuku. Ankatchula ndi zimene zinali kumunda nthawi imeneyo, kuti uku tinkakumba mtedza, uku tinkasosa. Bambowo anayesa kumudula, koma nkhoswe yawo yomwe inawagwira pa bondo kuti akhale chete.

Banja linatha tsiku lomwelo. Mwana anatsala ndi mayi ake.

Mnzangayo sanabwerere ku Kapondo, ndipo digiri sanaipitirize. Kalata yake yosiya ntchito ndinakapereka ndine ku ofesi ya zamaphunziro pa Boma. Pano akuphunzitsa pa sukulu ina yapulaiveti ku Chipata, ndipo Loweruka amathandiza azakhali ake mumsika. Timayankhulana pa foni mwezi ndi mwezi. Ndimayesetsa kufunsa kenako n'kutseka pakamwa, ngakhale amandiseka kuti ndimafunsa ngati wapolisi.

Ine thiyore ndinabwereza, ndinakhoza pang'ono chabe, digiri ndinaitenga. Anandikweza kuti ndiziphunzitsa Folomu 3 ndi 4 pasukulu yomweyo. Kusakhazikika kuja sikunathe. Chaka chatha ndinatenga mafomu a maphunziro ena apamwamba, ndinadzaza theka, ali m'kabati. Amuna anga atawaona anafunsa kuti sukulu yake ili kuti, ndipo nditawauza kuti ndi ku Zomba, zaka ziwiri zokhalira komweko, anapita panja kukaona nkhumba zawo. Atabwerako anati mwana wathu wamkulu akalemba mayeso a Sitandade 8 tidzakhale pansi tikambirane. Alemba chaka chino.